Mwana wa kochi ndi mapointi 325: chimene masapota a Iowa ankadandaula

Pa 3 Sepitembala 2022, timu ya yunivesite ya Iowa inagonjetsa South Dakota State ndi mapointi 7 kwa 3, koma anthu omwe anadzaza bwalo la Kinnick anayamba kukuwiza timu yawo yomwe masewero asanathe. Wodziwa mpira wa ku America akaona 7 amangoganiza kuti timuyo inachinya touchdown imodzi, kutanthauza kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kwa mdani, ya mapointi 6, nkuwonjezera pointi ina ya phazi. Tsiku limeneli sizinali choncho. Mapointi 3 anachokera kwa womenya mpira ndi phazi, ndipo 4 otsalawo anawapeza osewera otchinga, omwe kawiri konse anagwetsa mdani ali ndi mpira kuseri kwa mzere wa kwawo komwe. Osewera omwe ntchito yawo ndi kumwetsa sanafike kumapeto kwa bwalo ngakhale kamodzi. Dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense potuluka m'bwalomo linali la Brian Ferentz, mphunzitsi woyang'anira mbali yomwetsa, yemwenso ndi mwana wa mphunzitsi wamkulu, Kirk Ferentz.

Kuti madandaulo a masapotawa amveke, tiyambe ndi kaseweredwe kake, popeza mpira umenewu ndi wosiyana kwambiri ndi womwe tinauzolowera. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, koma omwetsa ndi ena, otchinga ndi ena, ndipo palinso gulu lachitatu lomwe limalowa pa nthawi yomenya mpira ndi phazi. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, yadi imodzi ikuchepera pang'ono pa mita. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthire kutsogolo mayadi 10. Ikakwanitsa, imapatsidwanso kanayi kena. Ikaona kuti katatu kadutsa mayadiwo asanakwane, kawirikawiri imangomenya mpirawo ndi phazi kuti ukagwere kutali, mdani akayambire patali. Kumenya kotereku amati punt. Ndi kuvomereza kuti ulendo uno zakanika, koma kuvomereza mochenjera.

Masewero amaima nthawi iliyonse wosewera akagwetsedwa, ndipo pamakhala masekondi 40 oti timu ikonzekere kuyambiranso. M'masekondi amenewo munthu mmodzi amasankha chomwe osewera 11 achite: kuthamanga ndi mpira kapena kuuponya, kudzera mbali iti, ndani atchingire ndani, wolandira mpira athamange mayadi angati asanakhote. Munthu ameneyu ndiye offensive coordinator. Amasankha maulendo 60 kapena 70 pa masewero amodzi, ndipo chosankha chilichonse chimaoneka poyera, zotsatira zake nkudziwika pakangopita masekondi ochepa. Mu mpira wa miyendo kochi amatha kubisala kuseri kwa mawu oti anyamata sanatsatire malangizo, chifukwa masewero amayenda osaima. Mu mpira wa ku America ayi. Mpira ukaponyedwa mayadi atatu pomwe pakufunika asanu ndi atatu, anthu pafupifupi 70,000 amadziwa kuti pali munthu amene wasankha zimenezo, ndipo dzina lake amalidziwa.

N'chifukwa chake ku America konse palibe ntchito ya uphunzitsi yonyozedwa ngati imeneyi. Sapota aliyense amadziona kuti angathe kusankha bwino. Zikayenda, ulemu umapita kwa quarterback, wosewera yemwe amaponya mpira ndi kutsogolera anzake. Zikakanika, mlandu ndi wa wosankha.

Brian Ferentz sanatoledwe pamsewu. Anasewerapo ku Iowa komweko pamzere wa osewera amphamvu otchingira quarterback, kenako anakagwira ntchito ku New England Patriots mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, komwe mu 2011 ankaphunzitsa osewera otchedwa tight end, omwe amatchingira anzawo komanso kulandira mpira, chaka chomwe mmodzi mwa iwo, Rob Gronkowski, anachita zodabwitsa. Anabwerera ku Iowa mu 2012 kudzaphunzitsa mzere wotchingira uja, ndipo mu 2017 anakwezedwa kukhala woyang'anira mbali yonse yomwetsa Greg Davis atapuma ntchito. Zaka zoyambirira sizinali zoipa. Mu Novembala 2017 Iowa inaswa Ohio State 55 kwa 24, chinthu chomwe ochepa okha akanachilota. Mu 2019 osewera ake awiri, T.J. Hockenson ndi Noah Fant, anatengedwa m'gawo loyamba la chisankho chomwe matimu a NFL amasankhira osewera a m'mayunivesite. Chaka chomwecho timuyo inatseka nyengo pogonjetsa USC 49 kwa 24.

Kugwa kunayamba kuonekera mu 2021, ngakhale kuti timuyo inakwera mpaka pa nambala 2 m'dziko lonse. Otchinga ndiwo ankalanda mipira nkupereka kwa omwetsa pafupi ndi kumapeto kwa bwalo. Tsiku lomwe anakumana ndi Michigan pa masewero olimbirana chikho cha Big Ten, ligi ya mayunivesite yomwe Iowa imasewera, chinsinsi chinaululika: anagonja 42 kwa 3. Mu 2022 Iowa inkapeza mapointi 17.7 pa masewero amodzi, ndipo pa mayadi inali ya nambala 130 mwa matimu 131 a gulu lapamwamba. Inagonja kwa Iowa State 10 kwa 7, kwa Illinois 9 kwa 6. Otchinga ankagwira mdani pakhosi masewero onse, koma anzawo osawathandiza.

Madandaulo a masapota anali amitundumitundu, ndipo si onse omwe anali ndi mutu.

Lomveka kwambiri linali loti zochita za Iowa zinkadziwikiratu. Pamene matimu ambiri a m'mayunivesite anali atasintha kaseweredwe, kumwaza olandira mpira m'mbali zonse za bwalo ndi kusewera mothamanga kuti otchinga asapume, Iowa inkaunjikabe osewera olemera pakati, nkuthamangitsa mpira pomwe mdani waunjikanso anthu ake. Masapota ankati akaona momwe osewera aimira, amadziwa komwe mpira ukupita, ndiye mphunzitsi wa otchinga wa timu ina, yemwe wakhala sabata yonse akuonera makanema a masewero awo, angalephere bwanji? Dandaulo ili linali ndi choonadi chake, komabe limabisa chinthu china. Kudziwikiratu pakokha si mlandu. Pali matimu omwe aliyense amadziwa kuti athamangitsa mpira, koma palibe wowaletsa, chifukwa mzere wawo umakankha mdani nkumubweza m'mbuyo. Iowa inakhala ikupambana motero kwa zaka zambiri. Chinasintha mu 2022 n'choti mzerewo unali wa anyamata osakhwima, Tyler Linderbaum, yemwe anali msanamira yake, atapita ku Baltimore Ravens ya mu NFL. Njira yomweyo yomwe kale inkabala mayadi asanu inayamba kubala imodzi.

Apa ndi pomwe sapota amasochera. Iye amaweruza chosankha poona zotsatira zake. Koma chosankha chabwino chimatha kufa chifukwa wosewera mmodzi waphonya munthu woyenera kumutchinga, ndipo chopusa chimatha kubala touchdown chifukwa wotchinga waterereka. Pa wailesi yakanema kamera imatsatira mpira, choncho woonera saona kuti wolandira mpira wina anali yekhayekha mayadi 20 kutsogolo koma quarterback sanamuone, kapena anamuona koma analibe nthawi. Ngakhale kuponya kwaufupi komwe kumakwiyitsa anthu kuja nthawi zambiri sikukhala komwe mphunzitsi amafuna. Iye amatumiza anthu atatu kapena anayi m'njira zosiyanasiyana, ndipo woponyayo amathawira kwa wapafupi akaona kuti akutali atsekeredwa kapena mdani wamufika pamphuno. Mphunzitsi yemwe akudziwa kuti mzere wake sungateteze woponya kwa masekondi atatu alibe phindu posankha njira yofuna masekondi anayi, ngakhale ikhale yokongola bwanji papepala.

Otsatira Brian Ferentz, omwe analipo ndithu ngakhale anali ochepa, ankaima pa mfundo imeneyi. Vuto lake n'lakuti mfundoyi imamupulumutsa pa mlandu waung'ono nkumugwetsera pa waukulu. Pa nthawiyo ku yunivesite mphunzitsi sankagulilidwa osewera ndi munthu wina. Ankapita yekha kukakopa ana a sekondale, nkuwaphunzitsa kwa zaka zitatu kapena zinayi. Ngati osewera sangathe kuchita zomwe akuuzidwa, funso limabwerera kwa yemwe anawasankha ndi kuwakuza. Chaka chimodzi choipa munthu anganene kuti ndi tsoka. Zitatu zotsatizana ndi ntchito ya manja ake.

Umboni womwe masapota ankaukonda kwambiri unali wa Charlie Jones. Mu 2021 ali ku Iowa analandira mipira 21 nyengo yonse. Anasamukira ku Purdue, timu ya m'chigawo chomwecho, ndipo mu 2022 analandira 110. Munthu yemweyo, miyendo yomweyo, manja omwewo. Wolandira mpira aliyense wa luso yemwe ankaganiza zopita ku Iowa anaona manambala amenewo, ndipo apa mpomwe kaseweredwe koipa kamayamba kudzidyetsa kokha: aluso sabwera chifukwa saponyeredwa, ndipo saponyeredwa chifukwa aluso kulibe.

Panalinso nkhani ya quarterback. Mu 2022 Brian Ferentz anatenganso udindo wophunzitsa oponya mpira, malo omwe sanasewerepo. Spencer Petras ankavutika sabata ndi sabata, masapota nkumafuula kuti alowetse wachiwiri wake, Alex Padilla. Atolankhani atamufunsa za kusinthako, Brian anayankha ndi funso loti phindu lake lingakhale lotani. Mwina pa zomwe ankaona pa zokonzekera anali ndi zifukwa, ndipo Padilla atalowa pa masewero omwe anagonja 54 kwa 10 kwa Ohio State sizinasinthe kanthu. Koma yankholo linamveka ngati la munthu yemwe sakuopa kuchotsedwa ntchito.

Ndipo apa ndiye panali fupa la nkhani yonse. Kwina kulikonse, mbali yomwetsa ikafika pansi chonchi, mphunzitsi wamkulu amachotsa wothandizira wakeyo kuti apulumutse khosi lake. Ndi momwe ntchitoyi imayendera, ndipo aliyense wolowa amadziwa. Ku Iowa woyenera kuchotsa anali bambo, woyenera kuchotsedwa mwana wake. Malamulo a yunivesiteyi saloleza munthu kuyang'anira wachibale wake pa ntchito, choncho papepala Brian sanali pansi pa bambo ake koma pansi pa mkulu wa zamasewero, Gary Barta. M'bwalo ndi m'chipinda cha zokambirana ankamvera Kirk Ferentz monga wothandizira aliyense. Zinatanthauza kuti woona ntchito yake tsiku ndi tsiku sankaloledwa kumuweruza, ndipo wololedwa kumuweruza sakanatha kutero popanda kuyambana ndi munthu wamphamvu kwambiri pa sukuluyo, yemwe wakhala pampando kuyambira 1999. Masapota akamakuwa za mpira woponyedwa mayadi atatu, ine ndimamva mkwiyo wa anthu omwe azindikira kuti kukuwa kwawo kulibe kopita.

Chinanso chomwe ambiri sankafuna kuchitchula n'choti kaseweredwe kameneka sikanali ka Brian yekha. Kirk Ferentz anakulira pa uphunzitsi wa mzere wotchingira, pansi pa Hayden Fry ku Iowa ndiponso pansi pa Bill Belichick ku Cleveland Browns. Chikhulupiriro chake n'chodziwika: usataye mpira, usapatse mdani bwalo lalifupi, idya nthawi, dikira mnzako alakwitse. Mwa kaganizidwe kameneka punt si manyazi. Omwetsa akatenga mphindi zitatu nkumenya mpira kukaugwetsa pa mayadi asanu a mdani, agwira ntchito yawo, chifukwa otchinga, omwe mphunzitsi wawo ndi Phil Parker, amaliza zotsalazo. Ken O'Keefe ndi Greg Davis, omwe anagwira ntchitoyi Brian asanafike, nawonso ankanenedwa kuti ndi amantha komanso odziwikiratu. Aphunzitsi atatu osiyana akamapatsidwa mlandu umodzi, n'kwanzeru kuyang'ana amene anawalemba ntchito. Koma Kirk Ferentz ankapambana masewero 8, 9 kapena 10 chaka ndi chaka, ndipo n'kovuta kukuwiza munthu wotero. Mwana ndiye anali chandamale chapafupi.

Mu Febuluwale 2023 Barta anayesa njira yapakati, yomwe inasanduka nthabwala ya dziko lonse. Anadula malipiro a Brian ndi madola 50,000, kuwasiya pa 850,000, nkuika zofunika ziwiri mu mgwirizano wake: timu ipambane masewero osachepera 7, ndipo izipeza mapointi 25 pa masewero amodzi. Apo ayi mgwirizano utha. Anthu anangochulukitsa 25 ndi masewero 13 nkupeza 325, ndipo kuyambira pamenepo atolankhani ndi masapota ankawerengera sabata iliyonse kuti atsala angati.

Muyezo umenewu unali wolakwika mbali zonse. Mapointi 25 ndi ochepa pa mpira wa m'mayunivesite, moti timu yowapeza imakhalabe m'munsi mwa zapakati. Chachiwiri, ankawerengera mapointi onse, ngakhale obwera ndi otchinga kapena obweza punt, omwe amagwira mpira womenyedwa ndi mdani nkuthamanga nawo, kutanthauza kuti ntchito ya Brian ikanatha kupulumutsidwa ndi anyamata a Parker. Chachitatu, muyezowo unkalimbana ndi nzeru za timuyo. Timu yomangidwa kuti izipambana 13 kwa 10 inauzidwa kuti izisaka mapointi omwe siikuwafuna. Pomwe Iowa inagonjetsa Western Michigan 41 kwa 10, touchdown yomaliza inabwera patatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi, masewero atatha kale m'maso mwa aliyense, ndipo anthu sanachedwe kuloza ku mgwirizano uja.

Nyengo ya 2023 inayamba ndi chiyembekezo chifukwa kunabwera Cade McNamara, quarterback yemwe anatsogolerapo Michigan, pamodzi ndi tight end Erick All. Chiyembekezocho sichinakhalitse. Luke Lachey, tight end wina, anavulala mu Sepitembala, McNamara anavulala bondo pa masewero a Michigan State kumapeto kwa mwezi womwewo, All naye nkutsatira mu Okutobala. Pa malo a quarterback anatsala ndi Deacon Hill, mnyamata yemwe anali asanayambepo masewero a pa mlingo umenewu. Wofuna chilungamo ayenera kuvomereza kuti mphunzitsi aliyense akanavutika. Koma McNamara anali m'bwalo tsiku lomwe Penn State inawakwapula 31 kwa 0, Iowa nkupeza mayadi 76 okha masewero onse.

Mapeto anabwera atagonja 12 kwa 10 kwa Minnesota pa 21 Okutobala, masewero omwe amakumbukiridwa chifukwa oimbira anakana touchdown ya Cooper DeJean, yemwe anabweza punt mpaka kumapeto, ponena kuti anali atagwedeza dzanja mosaloledwa asanagwire mpira. Masapota anakwiyira oimbira, komabe ankadziwa chifukwa chomwe timu yawo inafikira podalira wobweza punt kuti ipambane. Barta anali atapuma ntchito, ndipo Beth Goetz, yemwe ankagwirizira mpandowo, analengeza pa 30 Okutobala kuti Brian Ferentz amaliza nyengoyo koma sabwereranso. Nthawi imeneyo timu inali itapambana 6 mwa masewero 8, ikupeza mapointi 19.5 pa masewero. Kirk Ferentz sanabise kuti sanakondwe. Anati chizolowezi chake ndi kuweruza aphunzitsi nyengo ikatha. Zinatengera munthu watsopano, wopanda ngongole ya zaka zambiri ndi banjalo, kuti achite zomwe dongosolo la papepala lija linkanena kuti n'zotheka.

Chodabwitsa n'choti timuyo inapitiriza kupambana: 10 kwa 7 ndi Northwestern pa bwalo la Wrigley ku Chicago, 22 kwa 0 ndi Rutgers, 15 kwa 13 ndi Illinois, 13 kwa 10 ndi Nebraska. Inatenga chigawo cha kumadzulo cha Big Ten ndipo inamaliza ndi zipambano 10 pa masewero 14, ili yomalizira m'dziko lonse pa mayadi. Tory Taylor, womenya punt wochokera ku Australia, anamenya mayadi ochuluka kuposa omwe mbali yonse yomwetsa inayenda chaka chimenecho, ndipo analandira mphoto ya Ray Guy, ya womenya punt wopambana onse. Parker analandira mphoto ya Broyles, ya wothandizira mphunzitsi wopambana onse. Masapota ena anangozitenga mwanthabwala, nkumavala malaya olembedwa kuti kumenya punt ndiko kupambana. Mapointi onse a nyengoyo anakwana 216, osati 325.

Kwa amene amati zipambano 10 zatseka pakamwa odandaula, yankho lili pa masewero atatu omwe Iowa inakumana ndi matimu amphamvu zenizeni. Penn State 31 kwa 0. Michigan 26 kwa 0 ku Indianapolis. Tennessee 35 kwa 0 pa 1 Januwale 2024. Onse pamodzi ndi 92 kwa 0. Njira yodikira kuti mnzako alakwitse imagwira pa matimu omwe amalakwitsa. Pa omwe salakwitsa, pamafunika kuti wekha uyende mayadi 75, ndipo Iowa inalibe poyambira. Masapota ankaona otchinga omwe akanatha kulimbirana chikho cha dziko akuwonongera zaka zawo zabwino pa timu yomwe denga lake linali lodziwika kale. Pa ichi sanalakwe, ndipo chigawo chofooka chomwe chinkabisa mavuto a timuyo chija chinathetsedwa mu 2024 pomwe USC, UCLA, Oregon ndi Washington zinalowa mu Big Ten.

Wolowa m'malo anali Tim Lester, yemwe kale anali mphunzitsi wamkulu ku Western Michigan ndipo anali atangochoka ku Green Bay Packers ya mu NFL. Sanataye kuthamangitsa mpira, zomwe Kirk Ferentz sakanalola. Anangowonjezera kusunthasuntha kwa osewera mpira usanayambe, kuti otchinga a mdani asadziwe pomwe pakubwerera nkhonya. Ndi osewera ambiri omwewo pamzere, tsopano atakhwima, Kaleb Johnson anathamanga mayadi 1,537 mu 2024, ndipo mapointi anakwera kufika 27.7 pa masewero amodzi. Kuponya mpira kunakhalabe kofooka, Ohio State inawagonjetsa 35 kwa 7, ndipo Iowa inapambana masewero 8, awiri kuchepera pa a chaka chomaliza cha Brian Ferentz.